Chitseko Chomvera Mtima

Chitseko cha chipatala cha m'mudzi mwathu chimatsegukira munthu wa mtima wodekha yekha. Umaika dzanja pagalasi, ndipo mtima ukamathamanga, makina amati ndiwe wachiwawa. N'chifukwa chake popita kumeneko timanyamula botolo la madzi ozizira a mumtsuko. Anamwino anatiuza kuti ukawathira kumaso, ubongo umatumiza uthenga ku timakutu ta mumtima kuti uzigunda pang'onopang'ono.

Lachiwiri masana mwana wanga Ndaziona ananyambita chivindikiro cha mankhwala opopera thonje. Mankhwalawo amakuwira timakutu tomweto osalekeza. Dovu linkangochucha, thupi lonse lili lende.

Ndinathamanga naye kumsana, mlamu wanga Nachisale akutsatira ndi botolo. Nditaika dzanja pagalasi, panayaka nyali yofiira.

"Thirani madzi, alamu! Pumani bwino!" anakuwa Nachisale.

Ndinathira botolo lonse, koma nyali sinasinthe. Nayenso Nachisale inamukana.

Ndinamasula chitenje, n'kukanikiza kadzanja ka Ndaziona pagalasipo. Mtima wake unali pafupi kuima.

Nyali inasanduka yobiriwira.

"Mtima wodekha," anatero makinawo mwaulemu. "Takulandirani."