Raketi ya ku Joni ndi kabotolo ka mlendo

Panali munthu wina ku Nsipe, mtsikana wogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu, dzina lake Tisungane. Nkhaniyi ndi yoona. Ndinaliko ine, ndipo maso angawa amaona nyerere ili ku Dedza.

Tisungane ankasewera badiminitoni, masewera aja omenyerana kampira ka nthenga pamwamba pa neti. Bwalo linali kuseri kwa golosale ya a Akram, ndipo raketi yake inali imene bambo ake, a Hilary, anabwera nayo kuchokera ku mafamu a ku Joni. Akamenya iye, kampira kankakwera pang'onopang'ono n'kukaima m'mwamba ngati kamtambo ka ku Biriwiri. Anthu ankapita kukamwa tiyi n'kubwerako kasanatsike.

Mutu wake unali ku Lilongwe basi. Ali pa benchi ya kabichi ankadziona ali m'holo yowala mbee, nsapato zikulira pa matabwa, mpaka makasitomala ankachita kumuitana katatu. Loweruka linalo kunali mpikisano ku Boma, ndipo wopambana mmodzi yekha ndiye akanapita ku Lilongweko.

Chinkamuwawa n'chimodzi, zingwe za raketi. Akangomenya kangapo, zina zinkasendera kumbali n'kusiya mipata yokhotakhota. Anakadandaula kwa a Akram, amene ankadziwa kuluka maraketi. Iwo anamuuza kuti zingwe zoimirira ndi zopingasa sizimangidwa pamene zakumana, zimangolukana ngati lichero. Ukamenya mocheka, kampira kamakankha zoimirirazo, izo n'kutsetsereka pa zinzake. Zikakhwefuka ndiye zimayenda mopitirira, koma zakezo zinali zokungika bwino.

"Zisiye ziziyenda, mwana wanga," anatero a Akram. "Uzingoziwongola ndi zala podikira mnzako. Ukazitsekera njira, ziduka."

Tisungane anavomera pakamwa pokha. M'maloto akewo munalibe katswiri wowongola zingwe ndi zala ngati akusankha nyemba.

Lachisanu masana minibasi inatsitsa bambo wina wa jekete lamasewera. Anati dzina lake ndi Jasper, ndipo waphunzitsa akatswiri m'mayiko khumi ndi awiri. Ine ndayenda mayiko makumi atatu, sindinakumaneko naye. Ataona raketi itatsamira benchi, anaitola n'kuseka.

"Asisi, kunja raketi yotereyi amaphera ntchentche. Zingwe za akatswiri siziyenda."

Anatulutsa kabotolo kopanda dzina, n'kuyamba kudontheza paliponse pamene zingwe zakumana. Tisungane anamva kafungo ka guluu womatira nsapato, koma bamboyo ankalankhula za maholo a kunja ndi ndege, iye n'kumangomwetulira, maso ali patali. Anamuthokoza ndi mitu itatu ya kabichi, uliwonse waukulu ngati mtsuko. Jasper anakwera minibasi ina.

Loweruka ku Boma zingwe zinali nga! zowongoka ngati sefa yatsopano. Woyamba kukumana naye anali Sofia, mtsikana wa pa Boma pomwepo. Kampira kanabwera m'mwamba, kokoma. Tisungane analumpha, n'kukhala m'malere mpaka anaona denga la kwawo ku Nsipe, kenako anamenya ndi mphamvu zake zonse. Zingwe zouma zija zinalibe poyenda. Zinaduka zonse pamodzi, phokoso lake akabaza atatu anagwa pa njinga kumsika. Mutu wa raketi unapindika n'kuthyoka. Kampira kanadutsa pabowo n'kukatera kumbuyo kwake mwakachetechete.

A Akram anamubwereka raketi yawo, koma dzanja silinaizolowere. Ku Lilongwe kunapita Sofia.

Tisungane atafika kunyumba anapereka zidutswa ziwiri za raketi ija kwa a Hilary. Iwo sanakalipe. Anazilumikiza, zinalekana. Anazilumikizanso.

"Pa malire anandilanda wailesi ndi bulangete, mama," anatero motsitsa mawu. "Iyi ndinaimanga kumsana, m'kati mwa malaya. Masiku anayi m'basi sindinatsamire mpando."

Phunziro: Zingwe za raketi zimasuntha chifukwa ndi mmene anazilukira, wongolani ndi zala mupitirize masewera. Musataye mawu a munthu amene amakudziwani chifukwa cha mlendo wa jekete lokongola ndi kabotolo kopanda dzina. Tumizani kumagulu anu onse, mwina wina kabotolo kali kale m'manja.