Omvera Mamiliyoni Awiri

"Mamiliyoni awiri, bwana," anatero muulutsi wa pulogalamu ya m'mawa, yemwe ankadzitcha Mkulu wa Mawu. "Ondimvera ine ndi amenewo. Ndiye mundichotse kuti muikepo mayi wophika pa intaneti?"

Bwana wa wailesiyo anamutembenuzira foni. Pansi pa kanema wa mayiyo panalembedwa kuti amuonera anthu 84,000.

"Awa tikuwaona, achimwene. Anuwo anawawerenga ndani?"

"Omvera wailesi sawerengedwa ngati nkhuku. Ine ndikangotsokomola, dziko lonse limafunsa ngati ndamwa mankhwala."

Apa ndi pomwe injiniya anasuzumira pakhomo, chingwe chili m'manja. Anati pokonza situdiyo yaing'ono, yomwe mkuluyo ankaulutsiramo yekha, wina anaiwala kuchilumikiza. Kwa masiku khumi ndi limodzi, kuyambira sikisi mpaka seveni, wailesi inkangoti zii.

"Anaimba foni ndani kudandaula?" anafunsa bwana.

Injiniya anangoyang'ana chingwe chake.

Ntchito inathera pomwepo. Mkulu wa Mawu anatenga jekete ndi kapu yomwe ankamwera tiyi kwa zaka makumi awiri. M'basi onse oyandikana naye anali ataweramira mafoni. Mkwiyo sunabwere. Ankangomva kulemera kwa kapu m'thumba.

Kunyumba anapeza mkazi wake akusita, kawailesi kali pashelefu pomwe kamakhala.

"Mwabwerako, bambo? Koma lero ndiye munalankhula bwino. Kuposa dzulo."

"Zikomo, mayi," anatero, n'kuika kapu pambali pa kawailesiko.