Nkhunda za Wannes

Griet anasendeza mpando wake Wannes atalowa m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Ukwati wawo unatha kalekale. Bamboyo anali atasamba m'manja n'kuvala chovala cha m'chipatala, koma kwa Griet ankanunkhabe zitosi.

Pakati pawo panagona mwana wawo Fien, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mapapo ake anali atasiya kugwira ntchito. Paipi yonenepa ngati chala inkatulutsa magazi akuda bii pakhosi pake n'kuwapititsa m'makina amene ankamupumira, ina n'kuwabweza ali psuu. Madokotala anati makinawo sachiritsa, amangopatsa mapapo mpata wopumula. Mankhwala enieni ankadikira kuti kachilombo kadziwike.

Griet sankafunika kuuzidwa kumene kanachokera. Wannes ankaweta nkhunda za mpikisano kuseri kwa nyumba yake ku Lokeren. Loweruka lililonse Fien ankakagona kumeneko, n'kubwerako nthenga zili m'tsitsi, akusimba kuti wapsompsona chiunda. Griet ankamuvula zovala pakhomo pomwepo n'kumulowetsa m'bafa.

Wannes anatambasula dzanja kuti agwire phazi la mwanayo.

"Musamukhudze," anatero Griet. "Zikhadabo zanuzo mwaziona?"

"Ndasamba, amake Fien."

"Kasambeninso. Munthu wamkulu kumaswera m'khola la mbalame, mpaka kumupumitsa mwana fumbi la zitosi. Akadzuka apa, kwanu sadzapondako. Loya ndalankhula naye kale."

Wannes anabweza dzanja lija n'kulibisa m'khwapa.

"Khola mulibe kanthu tsopano," anatero chapansipansi. "Ndazipha zonse dzulo. Ndi zija bambo anandisiyira zomwe."

Griet anaona m'maganizo manja amenewo akupotokola makosi a nkhundazo, imodzi ndi imodzi. Anatembenukira kukhoma. Ankadabwa kuti anatha bwanji kudya mbale imodzi ndi munthu wotere.

Kenaka analowa Dokotala Verhaegen, mayi amene ankayang'anira Fien. Anayamba waona makina aja, n'kukoka mpando.

"Kachilombo kaja takapeza," anatero. "Lero tisintha mankhwala. Akadali pangozi, koma tsopano tikudziwa chimene tikulimbana nacho."

"Auzeni, adokotala," anatero Griet, osamuyang'ana n'komwe Wannes. "Adzimvere okha zimene nkhunda zawo zachita."

"Nkhunda zilibe mlandu, mayi. Kachilomboka sikachokera ku mbalame. Kamaswana m'madzi ofunda amene akhalitsa, ndipo munthu amakapumira limodzi ndi nthunzi. Ndiye ndifunse nonse awiri: ndani ali ndi kamakina kotulutsa nthunzi m'chipinda cha mwana?"

Wannes anapukusa mutu. Kamakinako Griet anakagula yekha, ndipo Lamlungu lililonse ankakayatsa pafupi ndi pilo wa Fien, kuti katsuke m'chifuwa mwake fumbi la kwa bambo ake.