Makina Akuti Ndi Anapiye

Chikhazikitsireni lamulo loti khola lililonse la malonda liziyendetsedwa ndi makina, Nagama analibenso kiyi wa nkhuku zake. Makinawo ndiwo ankawerenga masiku n'kutsegula chitseko nkhuku zikakula.

Chaka chitatembenuka, makina m'mudzi monse anasokoneza deti. Makina a kwa Nagama anayesa nkhuku zoti zigulitsidwe sabata yomweyo ndi anapiye oswedwa dzulo. Anakhoma chitseko n'kuyatsa nyale zotenthetsa, kunja dzuwa likuswa mtengo. Pomwe amuna ake ankamaliza kugumula khoma mawa lake, zonse zinali zitafa, fungo litafika kumsewu.

"Bambo a Yamikani," anatero Nagama atatseka mphuno ndi chitenje, "paja munkati mwakonzekera tsokali?"

"Ndinakonzekera, mayi. Ndinagula makina apadera, ali pansi pa bedi."

Anawatulutsa monyadira n'kuwayatsa. Anali a kampani yomweyo, deti yake yolakwika chimodzimodzi. Kamawu kachitsikana kanalankhula mokoma: "Anapiye anu akumva kuzizira."

Nagama analavula malovu pansi.

"Ine ndinakupemphani kachitseko kakumbuyo ka mpiringidzo basi, inu munati n'zachikale." Anatola khasu n'kuwapatsa. "Kakwirireni anapiye anuwo, asazizidwe."