Mkaka wa ku Mgodi

Esitere anaima pakhomo la hositelo ya ku yunivesite, osalandira botolo. Bambo ake analigwirabe m'manja, fumbi la mgodi lili m'nsidze.

"Paja anesi anati uzimwa mkaka kuti BP itsike. M'mashopu mulibe. Landira, mwanangu."

"Mwautenga kuti, Baba?"

Bambo ake anakhosomola nthawi yaitali atatsamira khoma.

Mnzawo wa ku ntchito anali atamuuza kale Esitere kutchalitchi. Mkakawo amagawira okumba pansi, akuti umatsuka fumbi pachifuwa, koma bambo ake ankangoubisa m'chikwama.

Mutu wa Esitere unayamba kugunda.

"Ndiye ine ndizimwa chifuwa chanu? Digiriyo ndidzakaonetse kumanda? Aiwa, Baba, zimenezo ayi!"

"Usakalipe, magazi angakwere."

"Akwere!"

Analanda botolo, n'kukatenga kapu yake m'chipinda, n'kuthiramo mkaka mpaka kusefukira. Anawagwiritsa kapuyo bambo akewo.

"Imwani ine ndikuona."

Bambo ake anavula chipewa, n'kutsinzina kupemphera monga amachitira pa chakudya chilichonse. Anamwa theka lokha, n'kumubwezera kapu.

Esitere anaiyang'ana nsagwada zitalimba. Kenako anati "Amen" mokalipa, n'kumwa.