Lenzi Yojambulira Makoswe

Wogulitsa makamera anayala malenzi atatu pakauntala: yaifupi, yapakati, ndi ina yaitali ngati munsi. Mdala sanachedwe, anagwira yaitaliyo. Akazi awo, Anamwino, anangoti "Mhm," n'kumangitsa duku lawo lobiriwira.

Anamwino anapuma ntchito kalekale, koma dzina linawakanirira, ndi diso lomwe. Wodwala wonamizira ankamudziwa akadali pakhomo. N'chifukwa chake lero sanalole kuti amuna awo abwere okha kusitolo.

"Mukufuna kujambula chiyani, bambo?" anafunsa wogulitsa.

"Tinyama ting'onoting'ono, mwana wanga. Makoswe. Akutithera mabisiketi a zidzukulu."

Makoswe! Pakhomo pawo panalibe khoswe ngakhale mmodzi, ndipo Anamwino ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Chomwe chinalipo ndi mayi wa saluni amene anasamukira m'nyumba yoyandikana ndi yawo: wosakwatiwa, wathupi lake, woseka mokweza. Chibwerere iyeyo, mdala anafukula kamera yakale m'sutikesi, n'kuyamba kukonda zenera la kuchipinda. Anamwino anali atatsimikiza mtima. Akangowagwira, lero lomwe alongedza katundu, ulendo kwa mwana wawo wamkazi. Munthu sungakalambe ndi mwamuna wosuzumira akazi a eni pampanda.

"Kanyama kakang'ono sikalola kuti mukayandikire," anatero wogulitsa. "Lenzi ndiyo imakuyenderani. Mtunda wake ndi wotalika bwanji?"

"Kuchokera pazenera la kuchipinda mpaka kumpanda, kuseri kwa shedi."

Kumpanda. Pomwe padutsa chingwe choyanikira zovala cha mayi wa saluni.

"Kamatuluka usiku? Ngati ndi choncho, pafunika lenzi yolowetsa kuwala kwambiri."

"Ayi, masanasana. Tikangodya, ine ndikati ndikagoneko."

Nthawi yomwe mayi uja amachapa, ataweramira beseni. Anamwino anamva kutentha m'makutu. Adokotala anawaletsa zinthu ziwiri, shuga ndi kupsa mtima, ndipo lero lamulo lachiwirilo linali pangozi.

"Kamathamanga kwambiri?"

"Aaa, ayi. N'konenepa bwino. Kamachita zake modekha, kakuyang'ana uku ndi uku." Mdala anamwetulira yekha. "Kokongola ndithu, ukakaonetsetsa."

"Chiyambire liti khoswe kukongola?" anatero Anamwino.

"Simunakaone bwino, mayi."

Wogulitsa anatsokomola, n'kulumikiza lenzi yaitaliyo kukamera ya mdala. "Iyi ingakuonetseni ngakhale ndevu za khoswe. Koma ndi yolemera. Dzanja likanjenjemera pang'ono, chithunzi chawonongeka. Mutengenso choimikapo cha miyendo itatu."

"Awa pa msinkhu wawowu chilichonse chimanjenjemera," anatero Anamwino. "Kupatula maso."

Mdala ananyamula kamerayo. Anaika diso pakamera, analoza kukhomo, n'kuwerenga chikwangwani cha kutsidya kwa msewu mosadodoma, ngati mwana woyamba kumene kudziwa zilembo. Anasangalala mpaka mano onse panja. Apa Anamwino zinawakwana.

"Mwana wanga, m'kameramo muli kakhadi kosunga zithunzi. Kaike pakompyuta yakoyo, tione makoswe amene ajambulidwa kale."

"Mayi, pagulu pano?" anafunsa mdala.

"Pompano."

"Tikaonera kunyumba, awiriwiri."

"Mukuopa chiyani? Si makoswe?"

Mdala anatulutsa kakhadiko pang'onopang'ono. "Chabwino. Koma mwasankha nokha."

Chithunzi chinabwera cha mbuu, ngati chojambulidwa m'nkhungu. Mpanda unkaoneka, zovala pachingwe, ngodya ya shedi. Ndipo pansi pake, osati khoswe ayi, koma munthu wamkazi, wonenepa bwino, atanjuta.

"Ndinadziwa ine!" Anamwino anamenya kauntala mpaka malenzi analira. Anthu ena m'sitolomo anatembenuka. "Khoswe wanu ndi ameneyu? Wovala diresi? Kulitsa, mwana wanga, kulitsa aliyense amuone!"

Wogulitsa anakulitsa. Nkhope sinkadziwika, inali chabe banga. Koma dzanja linali m'chitini cha mabisiketi, ndipo kumutu kunali duku lobiriwira. Wogulitsa anayang'ana pakompyuta, anayang'ana kumutu kwa Anamwino, kenako anayamba kupukuta lenzi yomwe inali yoyera kale.

"Waona vuto la lenzi yakaleyi, mwana wanga?" anatero mdala. "Mayi akowa anandiuza kuti ndi makoswe, ndiye ine popanda nkhope sindingawatsutse. Ndikulungire yaitaliyo."