Mwana Womera Mano ndi Kiyi wa Takisi

Panali bambo wina woyendetsa takisi. Nkhani yakeyi ndi yoona, ndinaimva kwa mayi amene ndinakhala naye benchi imodzi kusikelo. Bamboyu ndi mkazi wake anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, wongoyamba kumene kukwawa. Chifukwa cha kukuwa kwake, bambo ake ankamutcha Kondakitala.

Nthawi yomera mano itakwana, mtendere unasowa m'nyumbamo. Malovu chuchuchu, nkhama zotupa, chilichonse chimene wagwira chinkathera kukamwa. Mayi ake ankachita zimene anamwino anawauza. Ankasamba m'manja n'kumusisita nkhama ndi chala, kapena kunyika kansalu koyera m'madzi ozizira kuti azitafuna. Zinkathandiza, koma osati msangamsanga.

Bambo anapeza njira yawo yachidule. Kiyi wa galimoto anali ndi karimoti kokutidwa ndi mphira. Akangomupatsa mwanayo, kulira konse zii.

"Bambo a Kondakitala, chinthu chimenecho ayi," mayi ankatero. "Chimagwa pansi, chimagwiridwa ndi aliyense, ndiye taonani chivindikiro chake munachita kumata ndi selotepi."

"Iwe, inetu ndinakula ndikutafuna zitsekerero za mabotolo. Ndinafa? Musiye mwana aphunzire ntchito akadali wamng'ono."

Tsiku lina masana bambo anabwera kudzadya. Mayi anali kuseri kwa nyumba, akuyanika matewera. Mwana atayamba kulira, bambo anamupatsa kiyi uja, iwo maso pa foni. Anamva mwana akutsokomola pang'ono, koma sanalabadire. Atatha kudya anamulanda kiyiyo, kumupukuta pa buluku, n'kutuluka.

Atafika pagalimoto anadina rimoti. Galimoto duu. Anadinanso, osatseguka. Potembenuza anapeza selotepi yanyowa n'kumatuka, chivindikiro chili yasa. Kabatire kake kozungulira ngati batani la malaya munalibe.

Anabwerera m'nyumba chothamanga. Anakutumula mapilo, kusuntha mipando, mayi kusesa chipinda chonse mpaka kuseri kwa chitseko. Kabatire osaoneka. Mayi ananyamula mwana n'kumupatsa bere. Anayamwa kamodzi, n'kulavula, n'kuyamba kulira mosasa mawu.

"Wameza," mayi anatero.

"Ngati wameza katuluka kokha mawa m'thewera," anayankha bambo. "Ana amameza zinthu tsiku ndi tsiku."

Mayi wa nyumba yoyandikana anali atafika kale pakhomo atamva phokoso. "Mupiseni chala kukhosi asanze, achemwali. Wanga ndinkatero."

"Ayi. Mwana uyu ngakhale atadwala chotani sakana bere. Lero akulephera kumeza." Mayi a mwanayo anamuponya kumsana n'kumanga nsalu. "Inu bambo, dikirani thewera lanulo, ine ndapita kuchipatala."

Bambo anatsegula galimoto ndi kiyi wachitsulo. Alamu inayamba kulira, injini n'kukana kuyaka. Munthu wonyamula anthu tsiku lonse anapezeka ali pamsewu, manja m'mwamba, akupempha aliyense wodutsa kuti aime. Amene anawanyamula onse atatu ndi bambo wina wa lole ya njerwa.

Kuchipatala mzere unali wautali. Mayi sanakhale pansi. Anapita molunjika kwa namwino.

"Pepani anesi, ndikuganiza kuti mwana wanga wameza batire la rimoti."

Namwinoyo anasiya zonse zimene ankachita. Anawadutsitsa mzere wonse n'kupita nawo kojambula. Pachithunzi kanthu kozungulira kanaoneka bwinobwino, katakakamira kummero.

"Mwayesa kumusanzitsa?" anafunsa dokotala.

"Ayi, adokotala."

"Mwachita bwino, ndipo mwachita bwino kuthamanga. Batire lotere likanyowa limayamba kuwotcha mnofu nthawi yomweyo. Silidikira mawa."

Anamutenga mwanayo, kumugoneka ndi mankhwala, kuti akachotse kudzera kukamwa. Bambo anatsala pakhonde. Anangotsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pasimenti. Mkazi wawo anakhala pambali pawo, nsalu yoberekera ili m'manja.

Chitseko chitatseguka, dokotala anatuluka ndi kabotolo. M'katimo munali kabatire kaja, katada kale mbali imodzi.

"Katuluka. Kasiya kabala, koma sikanaboole. Apola mwana wanu."

Bambo anagwira kumaso n'kulira ngati mwana, anthu onse akuona. Mayi anapuma mpweya wautali.

Anakhala m'chipatala masiku angapo, mwana ali pa diripi. Tsiku limene anamulola kuyamwa, anakakamira bere ngati wina amulanda. Mayi ankamvetsera mmene akumezera, gudyu, gudyu, osatsamwa. Mwadzidzidzi anakuwa, "Mayo ine!"

Amayi onse a m'wodimo anatembenuka. Namwino anabwera chothamanga. Mayi anatsegula kakamwa ka mwana ndi chala, n'kuona kadzino koyera katatulukira m'munsi.

"Wandiluma," anatero uku akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Anamubwezera kubere. "Luma, bambo wanga, luma. Bola ukumeza."

Phunziro: Amayi anzanga ndi abambo omwe, mwana womera mano amatafuna chilichonse, ndiye ife tizimusankhira. Chala chosamba, kansalu koyera kozizira, kapena chotafunira cha ana chosathyoka n'zokwanira. Kiyi, rimoti, wotchi, tochi ndi zidole zoyaka magetsi zikhale patali. Mukangokayika kuti wameza batire, musamusanzitse ndipo musadikire thewera, thamangani kuchipatala ndipo mukanene pofika pomwepo. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu. Itumizeni kwa aliyense amene ali ndi khanda pakhomo, makamaka abambo okonda njira zachidule.